Chuku m'chimanga: pakati pa lona, Actellic, thumba losalowa mpweya ndi lichero, ndalama yoyamba ipite kuti?

Chaka china chiperoni chitakakamira kwathu mwezi wonse wa Juni, azakhali anga anathira chimanga m'matumba atsopano aja osalowa mpweya. Anawagula atagulitsa mbuzi, ndipo ankawakhulupirira kwambiri. Chimangacho chinaona dzuwa masiku awiri okha. Tsiku lachitatu kunacha kuli chifunga ndi mvula yowaza, iwo n'kutapa dzanja limodzi, kuligwedeza pafupi ndi khutu, amvekere, "Chauma ichi mwanawe, sukumva kulira kwake?" Ine ndinali ndani kuti nditsutse munthu amene anagwira khasu ndisanabadwe? Tinathira, tinamanga. Titamasula thumba loyamba mu Okutobala, linatilonjera ndi fungo ngati la matsukwa ogonera, njere za pansi zitagwirana, zina zitada bii. Nankafumbwe munalibe ndi mmodzi yemwe. Thumba linagwira ntchito yake, ife ndiye tinalephera yathu.

Anthu akamafunsa njira yabwino yotetezera chimanga ku chuku, nthawi zambiri amakhala akufunsa choti akagule. Njira zilipodi zambiri, koma sizimenya mdani mmodzi. Ina imapha tizilombo, ina imatchinga chinyezi, ina imachotsa poizoni amene walowa kale. Munthu akaziyesa zofanana ndiye amagula mankhwala a nankafumbwe pomwe vuto lake ndi madzi.

Mdaniyo timudziwe kaye

Chuku ndi nkhungu, mbale wake wa bowa, kungoti mbewu zake ndi zazing'ono zosaoneka ndi maso. Zimakhala m'nthaka, m'mapesi a chaka chatha ndi m'fumbi la m'nkhokwe, ndipo zimayenda ndi mphepo ndi tizilombo. Pa chimanga pali mitundu ingapo. Mtundu wina umaoneka ngati fumbi lobiriwira mopita kuchikasu, makamaka kunsonga kapena pomwe mbozi yaboola. Akatswiri amautcha Aspergillus flavus, ndipo ndi umene umapanga poizoni wa aflatoxin. Umenewu umakondwa chimanga chikazunzika ndi ng'amba ndi kutentha pa nthawi yobereka, n'chifukwa chake madera otentha monga Chikwawa, Nsanje ndi m'mbali mwa nyanja amavutika nawo kwambiri. Wina ndi Fusarium, woyera kapena wofiirira pang'ono, umene umawoletsa njere apa ndi apo, nthawi zina n'kusiya timizere toyera pa njere. Poizoni wake ndi fumonisin, amene asayansi a ku South Africa anamutulukira mu 1988. Palinso Diplodia, uja amayambira kutsinde kwa chitsononkho mvula ikachuluka kumapeto, makoko n'kumatirira, chimanga n'kupepuka m'manja. Taonani zaka ziwiri zotsatizana: mu Malichi 2023 namondwe Freddy anagwetsera chimanga m'matope kumwera chili pafupi kukhwima, chaka chotsatira ng'amba ya El Niño n'kuchiwamba chili chiimire. Madzi kapena dzuwa, chuku chili ndi khomo lolowera.

Chopweteka mutu n'chakuti nkhungu itha kufa, poizoni wake n'kutsala. Moto wophikira nsima sumutha, kukazinga sikumutha, ndipo alibe fungo loti mphuno ikuchenjezeni. Njere yowola imadziulula yokha, koma yooneka bwino nayonso itha kukhala naye. Mlingo woopsa ndi wochepa modabwitsa. Ku America malire a aflatoxin m'chakudya cha anthu ndi magawo 20 pa magawo 1 biliyoni, pomwe mayiko a European Union amalola 4 okha pa ufa wodya anthu. Magawo 20 pa biliyoni ali ngati njere 20 zobisika m'matumba oposa 6,000 a makilogalamu 50.

Poizoniyu akachuluka nthawi imodzi chiwindi chimagonja: chikasu, kusanza, mimba kutupa. Mu 2004 kum'mawa kwa Kenya, m'maboma monga Makueni ndi Kitui, anthu 317 anadwala ndipo 125 anamwalira, ambiri atadya chimanga cholima okha chimene chinasungidwa chisanaume. Ku Tanzania mu 2016 anafa anthu 20 m'zigawo za Dodoma ndi Manyara. Mu Ogasiti 2024 nduna ya zaumoyo ku Zambia, a Elijah Muchima, analengeza kuti agalu pafupifupi 400 anafa ndi chakudya cha chimanga cha poizoniyu, ndipo ufa wa m'zigayo zina unachotsedwa pamsika. Komabe ine imfa zadzidzidzizi si zimene zimandidetsa nkhawa kwambiri. Nkhawa yanga ili pa kudya pang'onopang'ono, nkhomaliro ndi mgonero, chaka ndi chaka. Aflatoxin amayambitsa khansa ya chiwindi, makamaka kwa amene ali kale ndi hepatitis B, ndipo kafukufuku wapeza kuti ana odya wambiri amapinimbira kawirikawiri. Fumonisin akuganiziridwa kuti ali ndi mbali pa khansa ya kummero, imene Malawi ali m'gulu la mayiko omwe yafala kwambiri.

Kumunda: njira yogula ndi yosagula

Yosagula mukuidziwa kale. Kubzala ndi mvula yoyamba yokwanira kuti chimanga chisadzabereke pa ng'amba, kuphimbira nthaka kapena kupanga ngonyeka kuti chinyezi chikhalitse, kuthira manyowa, kusinthanitsa ndi soya kapena nandolo, ndi kulimbana ndi kapuchi komanso mbozi zija zinatipeza m'nyengo ya 2016 ndi 2017. Chilonda chilichonse chimene mbozi yasiya pachitsononkho ndi khomo la chuku. Posankha mbewu musayang'ane zokolola zokha. Yang'anani ngati makoko amatseka mpaka kunsonga. Chimanga cha makolo ndi ma hybrid a njere zolimba zokonoleka bwino amapirira kuposa chija chofewa chomwe nsonga yake imakhala pamtunda, mbalame zikujompha, mvula ikulowa.

Yogula ndi Aflasafe, imene anaikonza a bungwe lofufuza za ulimi la IITA mogwirizana ndi akatswiri a zaulimi a boma la America. Ndi njere za mapira zosamera, zopakidwa utoto wa buluu, zonyamula mtundu wa Aspergillus womwewo koma wosapanga poizoni. Mumamwaza m'munda makilogalamu 10 pa hekitala, kapena kuti pafupifupi 4 pa ekala, kutatsala milungu iwiri kapena itatu kuti chimanga chitulutse ngayaye, nthaka ili yonyowa. Nkhungu yofatsayi imachulukana n'kudzaza malo, moti yoopsa ija ikamafika imapeza mphasa yadzaza. M'mayiko momwe ayiyesa, aflatoxin amatsika ndi 80 peresenti kapena kuposa, ndipo chitetezocho chimatsatira chimanga mpaka m'thumba.

Zikumveka bwino, ndipo n'zabwinodi, koma pali ma "koma" atatu. Aflasafe sakhudza fumonisin ngakhale pang'ono. Sapezeka m'sitolo iliyonse ya zipangizo zaulimi, ndipo mukaphonya masabata ake ndiye mwaphonya chaka. Komanso venda wobwera ndi sikelo pamudzi sayeza poizoni, ndiye sawonjezera ngakhale tambala pa chimanga chotetezedwa. Kwa kalabu kapena kopaletivu yogulitsa kwa opanga zakudya za ana ndi za ziweto, kapena yolima mtedza wotumiza kunja, ndalama yake imabwerera. Kwa banja la ekala imodzi m'dera lotentha, ndi yothandiza mukaipeza, koma singalowe m'malo mwa zimene zikubwerazi.

Pokolola ndi poyanika: apa ndi pomwe nkhondo imapambanidwa

Chimanga chimakhwima njere ikachita kadontho kakuda kumchira kwake, koma pamenepo chimakhala ndi madzi okwana 30 peresenti kapena kuposa. Kuti chisungike, madziwo atsike kufika pa 13. Mtunda wapakati pa manambala awiriwa ndi umene umawoletsa chimanga chambiri, ndipo njira zoudutsira ndi zosiyana mtengo ndi ngozi zake.

Kuchisiya chiimire m'munda mpaka chiume n'kosalira ndalama, ndipo mphepo imachiumitsa bwino, koma kumene kuli akuba, chiswe, anyani kapena mvula yakumapeto, tsiku lililonse ndi juga. Mikukwe ndi chizolowezi chathu, ndipo sindikuinyoza: imapereka mpata wososa munda ndi kukolola mosathamanga. Vuto ndi mkukwe waukulu wokhala mwezi wathunthu. M'kati mwake mumatentha, mumachita chinyezi, mbewa zimamanga mudzi, ndipo ukagwa chimanga chimagona pa dothi. Mukamanga, mangani yaing'ono, yoima nji, ndipo musaiiwale. Pokolola, chizolowezi chija choponya chimanga chosenda pamulu wa pa dothi n'chimene chimandiwawa kwambiri, chifukwa dothi ndiye kwawo kwa Aspergillus. Dengu, thumba kapena ngolo zikhale pafupi. Chowola ndi chogwa pansi chikhale ndi dengu lakelake pomwepo m'munda, chisakwere ngolo imodzi ndi chabwino.

Poyanika pali bwalo la dothi, mphasa, simenti, lona ndi thandala. Bwalo la dothi, ngakhale lozira bwino, limabweza chinyezi usiku ndipo nkhuku ndi mbuzi zimayendapo. Mphasa ndi mkeka n'zabwinoko koma zimamwa madzi a pansi ndipo sizikwana chimanga chochuluka. M'mphepete mwa msewu wa tala chimauma msanga, inde, koma ndi fumbi, mafuta a galimoto ndi matayala ophwanya njere. Thandala lokwera, kapena nkhokwe yopyapyala yopita mphepo yokhala ndi denga labwino, ndi yabwino koposa kwa chimanga chosatonola, makamaka ku Thyolo, Mulanje ndi Zomba kumene chiperoni sichipempha chilolezo.

Lona ndiye ndimaiyika patsogolo pa zogula zonse. Imalekanitsa chimanga ndi dothi, imatentha ndi dzuwa, ndipo mitambo ikabwera anthu awiri amangogwira m'makona n'kupinda. Koma nayonso ili ndi malamulo. Yalani mopyapyala, mulingo wosaposa kutalika kwa chala, ndipo muzitembenuza kangapo patsiku. Madzulo musakulunge chimanga chotentha m'lona n'kuchisiya chomwecho mpaka m'mawa, chifukwa chimachita thukuta, ntchito ya tsiku lonse n'kubwerera pambuyo. Chizizire kaye, kenako chilowe m'nyumba kapena chifundidwe mosiya mpata wa mpweya.

Pa kutonola ndingonena mwachidule. Manja amachedwa koma saphwanya njere. Kuthira m'thumba n'kumenya ndi ndodo kumafulumira koma kumang'alula njere zambiri, ndipo njere yong'aluka ndi chakudya chophikaphika cha nkhungu ndi nankafumbwe. Makina otonolera ndi abwino chimanga chikakhala chouma, koma chachiwisi amachiphwanya.

Mudziwa bwanji kuti chauma?

Dzino ndi khutu ndi zomwe anadalira azakhali. Njere youma imathetheka ukailuma, yaiwisi imaphwanyika mofewa, ndipo youma imalira mokweza m'lichero. Njirayi imasiyanitsa bwino chachiwisi ndi chouma, koma siisiyanitsa 16 ndi 13, pomwe ngozi ili pakati pomwepo.

Botolo ndi mchere n'zodalirika kuposa dzino, ndipo sizilira ndalama. Pezani botolo lagalasi louma bwino lokhala ndi chotsekera. Mchere muuyanike kaye padzuwa kapena muuwambe pachiwaya, uzizire. Thirani chimanga kufika gawo limodzi mwa magawo atatu a botolo, onjezani masipuni awiri kapena atatu a mchere, tsekani, khutchumulani mphindi imodzi, siyani mphindi 15, khutchumulaninso. Mchere ukamatirira m'mbali mwa botolo, madzi adakali oposa 15 peresenti, bwererani padzuwa. Ukapanda kumatirira muli pafupi, koma onjezeranibe tsiku limodzi kapena awiri a dzuwa lamphamvu kuti mufike pa 13. Chimanga choyesera mutape malo osiyanasiyana, osati pamwamba pokha pomwe dzuwa limawomba.

Kachipangizo koyezera chinyezi kamapereka nambala yeniyeni, koma banja limodzi silingakagulire kugwiritsa ntchito sabata imodzi pachaka. Ndi katundu woyenera kalabu kapena banki m'khonde, kazizungulira makomo nthawi ya masika.

Posungira: nkhokwe, fumbi, mapilitsi, thumba kapena chitsulo

Nkhokwe ya nsungwi inali yanzeru pa nthawi yake. Yokwera pamiyala, ya denga la udzu, chimanga chosasenda chikupitiriza kuuma ndi mphepo, kenako n'kuimata mvula isanayambe. Inkayenda bwino ndi chimanga cha makolo cha makoko otseka. Zinthu ziwiri zinaigonjetsa: akuba, ndi nankafumbwe wamkulu uja analowa m'dziko muno kudzera ku Karonga kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, amene amakonda chimanga chosatonola ndipo amaboola ngakhale mitengo ya nkhokweyo. Lero ndimaiona ngati malo abwino oumitsira kwa milungu ingapo, osati osungira mpaka Febuluwale. Denga likangodontha, chapakati chimawola inu osadziwa.

Thumba wamba ndi mankhwala a fumbi monga Actellic kapena Shumba ndi njira imene makomo ambiri akutsata. Ndi yotsika mtengo poyamba ndipo aliyense amaidziwa. Koma timvetsetsane: mankhwalawa amapha tizilombo, sapha nkhungu, ndipo sachotsa poizoni. Amathandiza mozungulira, chifukwa anankafumbwe akachuluka amaboola njere, amatenthetsa thumba ndi kuonjezera chinyezi. Thumba lolukalo limapuma, ndiye mpweya wonyowa wa Januwale umalowa n'kunyowetsanso chimanga chimene munachiumitsa bwino mu Juni. Mphamvu ya mankhwala imachepa pakapita miyezi, ndipo aja ogulitsidwa m'timapepala topanda dzina pamsika simungadziwe ngati ndi mankhwala kapena phulusa. Mukasankha njirayi, tsatirani mlingo wolembedwa pabotolo, sanjikani matumba pamitengo kapena pathandala, asagunde khoma, ndipo denga la chipindacho likhale losadontha.

Mapilitsi aja anthu amakulunga m'kansalu n'kuponya m'thumba ndiwakaniratu. Amatulutsa mpweya wakupha umene unakonzedwera akatswiri ofukiza m'nyumba zazikulu zosungiramo mbewu, chimanga chitafundidwa motsekeratu. M'thumba wamba mpweyawo umangotuluka, n'kudzaza chipinda chimene mwina ana amagonamo. Pa chuku sathandiza kanthu.

Matumba osalowa mpweya ndi amene asintha zinthu. Odziwika kwambiri ndi a PICS, amene anakonzedwa ndi Purdue University ya ku America poyamba posungira khobwe kumadzulo kwa Africa, koma pali mitundu inanso. La PICS lili ndi mapulasitiki awiri okhuthala m'kati ndi thumba loluka kunja. Mukamanga bwino, tizilombo totsekeredwamo timamaliza tokha mpweya n'kufa, nkhungu imasowa mpweya wokulira, ndipo chinyezi cha dzinja sichilowa. Simuthira mankhwala aliwonse. Pa nkhani ya chuku, apa ndi pomwe amaposera Actellic: chimanga cholowa chouma chimatuluka chouma. Thumba limodzi limagwira nyengo zitatu mukalisamala, moti mtengo wake ukagawidwa pa zakazo suoneka woopsa ngati tsiku logula.

Zofooka zake n'zenizeni. Kabowo kamodzi ka khoswe, ka msomali kapena ka chitsononkho chotsalira kamathetsa zonse, choncho musanathire, kokerani mpweya m'pulasitiki iliyonse, gwirani kukamwa, finyani, mumve ngati ikutuluka. Pulasitiki iliyonse imangidwe payokha: kufinya mpweya, kupota, kupinda, kumanga. Lomwe mukudya likhale limodzi, enawo asatsegulidwe chisawawa. Ndipo chachikulu ndi chija cha azakhali: thumbali siliumitsa. Madzi amene mwatsekera m'katimo alibe kothawira. Poizoni amene analowa kumunda nayenso amakhala momwemo kukudikirani, kungoti sachuluka.

Nkhokwe yachitsulo imagwira ntchito mofanana ndi thumbali, koma khoswe saiboola ndipo imatha zaka zoposa 10. Boma linagawako zina pa nthawi ya Bingu wa Mutharika. Mumathira chimanga chouma, ena amayatsa kandulo m'kati kuti idye mpweya wotsala, kenako n'kumanga zotsekera ndi mphira. Iyenera kukhala pamthunzi, m'nyumba, pamatabwa, chifukwa ikamawombedwa dzuwa masana n'kuzizira usiku, m'kati mumachita mame. Cholepheretsa ndi mtengo wogulira, komanso imafuna mmisiri wodziwa kuwotcherera mosasiya mpata. Kwa wokolola matumba 20 kapena kuposa chaka chilichonse, kapena sukulu yophikira ana phala, ndi yoyenera. Kwa wa matumba asanu, matumba osalowa mpweya akukwanira. Mbewu yobzala yochepa, chigubu chotsuka bwino chokhala ndi chotsekera cholimba chimachita zomwezo, bola chidzaze mpaka kukamwa.

Lichero, madzi ndi mtondo

Tsopano tinene kuti chimanga chili kale m'nyumba, cholima kapena chogula, ndipo mukuchikayikira. Pano njira zimene zimachotsadi poizoni si za m'sitolo. Aflatoxin samwazika mofanana m'thumba: amaunjikana mu njere zochepa zowola, zofota, zoboola ndi zosweka. Kafukufuku wa a Limbikani Matumba, katswiri wa ku yunivesite ya zaulimi ya LUANAR, ndi anzawo, wofalitsidwa mu 2015, anayerekeza kusankha ndi manja, kuyandamitsa m'madzi ndi kukonola pa chimanga choyera. Kusankha ndi manja kunasiya aflatoxin wosakwana 6 peresenti ya amene analipo poyamba, ndi fumonisin wosakwana 5 peresenti. Kuyandamitsa pakokha ndiko kunachita mofooka kuposa zonse. Ndiye kuti ntchito ija timaiona ngati ya agogo osowa chochita, kukhala pamphasa ndi lichero pamiyendo kutola njere imodziimodzi, inaposa njira zina zonse.

Kuyandamitsa kuli ndi malo ake ngati chothandizira: thirani m'ndowa ya madzi, takasani, zoyandama zonse tayani, chotsalacho muchiyanike bwino ngati simukonola nthawi yomweyo. Kukonola kumachotsa gaga ndi mtima wa njere, momwe poizoni wambiri amakhala. Kuviika mphale masiku awiri kapena atatu kumachotsa winanso, bola matsukwa atayidwe. N'chifukwa chake ufa woyera, wopangidwa mwa makolo, umatuluka ndi poizoni wochepa kwambiri poyerekeza ndi chimanga chimene unachokera. Koma mphale yoviika ndi ufa wochoka kuchigayo ziyanikidwe mpaka ziume, apo ayi mwayambitsanso nkhungu ina m'chidebe cha ufa.

Apa pali mkangano umene sindiubisa. A zaumoyo amatilimbikitsa mgaiwa, ndipo akunena zoona: uli ndi michere imene ufa woyera unataya, komanso thumba limakhalitsa. Koma mgaiwa umagaya zonse, chabwino ndi choipa. Maganizo anga ndi akuti mgaiwa uzichokera ku chimanga chimene mukudziwa mbiri yake ndipo mwachisankha ndi manja. Chogula kwa venda m'miyezi ya njala, chimene simudziwa kuti chinagona kuti, chikonoledwe. Phala la mwana lichokere ku chimanga chosankhidwa koposa m'nyumbamo, ndipo nsinjiro zothiramo zichokere ku mtedza wosankha inu nomwe musanasinje, chifukwa mtedza ndi mnzake wa chimanga pa nkhani ya chuku.

Kwa ogula m'tauni, kaya ku Ndirande, kwa Mgona kapena ku Chipata, kugula njere kumaposa kugula ufa wa pamulu, chifukwa chigayo chimabisa zonse. Pisani dzanja mpaka m'kati mwa thumba, osakhutira ndi zapamwamba. Nunkhizani. Chozizira m'manja, chonunkha chinyontho kapena chodzaza fumbi, chisiyeni ngakhale mtengo ukhale wokoma. Chotsika mtengo mu Epulo ndi Meyi kawirikawiri chimakhala chosauma, ndiye mukagula chochuluka chosunga, chiyanikeni ngati mwakolola nokha.

Ndalama ikakhala yochepa, ine ndimayamba ndi lona, kenako matumba osalowa mpweya a chimanga chodzadya kuyambira Disembala kupita m'tsogolo. Chodya miyezi itatu yoyambirira chitha kukhala m'thumba wamba pathandala. Botolo, mchere ndi lichero muli nazo kale. Aflasafe ndi nkhokwe yachitsulo zimabwera pambuyo, malinga ndi dera lanu ndi kukula kwa zokolola.

Nanga chosankhidwacho chipite kuti?

Funso ili ndi limene ambiri timalizemba. Chowola timapatsa nkhuku, nkhumba, kapena kugulitsa motchipa kwa ofulula mowa. Komatu aflatoxin anadziwika koyamba mu 1960 ku England pomwe nkhukundembo pafupifupi 100,000 zinafa ndi chakudya cha mtedza wa chuku. Nkhuku zodya zowola zimachepetsa mazira, zimakula mochedwa, anapiye amafa. Ng'ombe yamkaka ikadya madeya a chuku, gawo la poizoniyo limatulukira mumkaka. M'masese ndi m'thobwa namonso amapulumuka, kuwira kwa mowa sikumupha. Madeya a chimanga chokayikitsa ndiwo oopsa koposa, chifukwa kukonola kuja kunangosamutsira poizoni m'menemo. Kusakaniza chowola ndi chabwino kuti chibisike n'kungogawira anthu ambiri vuto limodzi.

Ndikudziwa kuti mu Febuluwale, ana akuyang'ana poto, mawu oti "tayani" amatuluka mosavuta pakamwa pa munthu wokhuta. Zikafika pothina chomwecho, chitani zonse zinayi motsatizana, kusankha, kuyandamitsa, kukonola, kuviika, ndipo njere zobiriwira ndi zakuda zija zokha zisalowe m'kamwa mwa munthu kapena chiweto. Zimenezo zitenthedwe kapena zikwiriridwe mozama, kutali ndi munda ndi khola.

Cha azakhali chija, matumba awiri tinakakwirira kuseri kwa dzala. Otsalawo tinawakhuthulira pa lona yobwereka, tinayanika sabata yathunthu padzuwa la Okutobala, kenako tinakhala anthu atatu pamphasa masiku anayi, wailesi ikulira, kutola njere imodziimodzi. Chonse chinapita kokonola. Chaka chotsatira ndinawapeza pakhonde ndi botolo la Fanta ndi mchere wowamba, akukhutchumula, akuliyang'anitsitsa padzuwa, ndipo sanandiuze kuti anaphunzira kwa yani.